Masekondi Awiri

Mayi Namakhwa anavula nsapato,
namanga chitenje pamwamba pa siketi,
nakwera makwerero a thanki ya madzi
kuseri kwa kalasi yathu ya Fomu 3.
Kumanja njerwa, kumanzere ndimu yaiwisi.
"Chiyambe kufika pansi n'chiti?"
Tonse tinakuwa kuti njerwa,
ngakhale Fulayelo amene sayasamula m'kalasi.

Anatambasula zala.
Phi! Kamodzi kokha.
Tinati abwereze, mwina dzanja lina linachedwa.
Anabwereza katatu
mpaka njerwa inagawika pakati,
ndimu n'kutinunkhiritsa bwalo lonse.

"Dziko silifunsa kuti umalemera bwanji,"
anatero akusasa dzimbiri m'manja.
"Limangokoka.
Ndipo liwiro limakula sekondi ndi sekondi
ngati ngongole ya katapila."
Pabolodi analemba:
mamita asanu, sekondi imodzi;
mamita makumi awiri, masekondi awiri.
Choko chinathyoka,
kachidutswa kake nako kanamvera lamulo.

Loweruka sindinapite kumsika wa Chitakale.
Ndinadutsa m'mizere ya tiyi, mame mpaka m'chiuno,
kukafika kumalire a esiteti
kumene bulugama uja wagona chaka chachitatu.
Anamugwetsa maliro atatha,
koma palibe wofuna kumuwaza.
Ng'anjo ya fakitale imadya mitengo ina, uyu ayi.

Ndinayamba pachitsa, ndikutanyula miyendo,
kuwerenga mokweza ngati mwana wa sitandade wani,
mpaka pamphanda pamene chingwe chinasiya chipsera.
Makumi awiri.
Ndinabwerera, ndinawerenganso.
Makumi awiri.

Ndiye kuti bambo munali ndi masekondi awiri.

Ndayesa kuona zimene zimakwanamo.
Dzina la amayi limakwana, n'kutsala malo.
Mayina athu anayi sakwana
pokhapokha mutasiya la Lekeleni,
ndipo inu simukanamusiya.
"Atate wathu wakumwamba" amakwana ndendende.
Mwina simunanene kanthu.
Mwina munangoona phiri litatembenuka,
Chambe ali kumapazi, tiyi ali kumutu,
sekondi yoyamba mamita asanu okha,
pang'onopang'ono ngati pali pobwerera,
yachiwiri n'kumeza khumi ndi asanu otsalawo.

A Esinati anali pomwepo, dengu kumsana.
Amati chimene saiwala si phokoso ayi,
koma chipewa.
Anthu atayamba kale kuthamanga
icho chinali chikadali m'mwamba,
chikupendekera uku, chikupendekera uko,
ngati chikusankha pokhala,
n'kudzatera pamwamba pa tiyi
osapinda ngakhale nsonga imodzi.

Lolemba ndinaimika mkono.
"Nanga chipewa chimachedwa bwanji?"
"Mpweya," anatero. "Mpweya umachedwetsa
chopepuka ndi chotambalala.
Kukanakhala kopanda mpweya,
nthenga ndi nyundo zikanafika limodzi."
Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali,
yoposa masekondi awiri.
"Chipewa cha yani, Muhiwa?"
Ndinati ndangofunsa.

Belu litalira anandiitana pakhonde.
Sananene pepani.
Anati, "Ukudziwa kuti mwezi nawo ukugwa?
Usana ndi usiku ukugwa,
koma umathamangira cham'mbali kwambiri
moti dziko limaupinda msana, iwo n'kuliphonya.
Izi si za mayeso. Pita ukadye."

Madzulo ano mapeyala akugwa padenga,
du! du! n'kugubudukira mungalande.
Amayi amadzidzimuka ulendo uliwonse.
Ine ndatuluka, ndavala chipewa chija,
chikadali chachikulu, chimanditsekera makutu.
Mwezi watulukira paphewa la phiri.
Ndawerenga imodzi, ziwiri,
ndafika makumi asanu ndi limodzi, ndayambanso.
Sunafikebe.
M'nyumba akundiitana kuti ndikatole mapeyala
mbuzi za kwa Khoviwa zisanawapeze.